Momwe mungatetezere nsomba zoswetsa ku mankhwala osokoneza mahomoni

Pali mankhwala omwe sapha nsomba koma amaiwonongera ubereki posokoneza mahomoni, timadzi ta m'thupi toyendetsa ubereki ndi kakulidwe. Imadya madeya, imanenepa, koma kuswa ayi. Ku Ontario m'dziko la Canada, akatswiri ankathira pang'ono chabe mankhwala a m'mapiritsi olera m'nyanja ina yoyeserera kuyambira 2001 mpaka 2003. Nsomba zazimuna za fathead minnow zinayamba kupanga zakudya za m'dzira ngati zazikazi, mtunduwo n'kutsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Kafukufuku wa ku America wa 2015 pa nsomba za medaka anapeza choopsa china: zimene zinakumana ndi mankhwala a m'mapulasitiki otchedwa BPA zinaswa bwinobwino, vuto linadzaonekera pa zidzukulu.

Ndiye yambani ndi madzi. Tsatani ngalande yanu wapansi mpaka kumene ichokera. Mukapeza suweji, chimbudzi cha m'mbali mwa mtsinje kapena dzala lowotcherapo mapulasitiki, madziwo asalowe m'dziwe la makolo, ndiye kuti nsomba zoswetsa. Munda wa chimanga wopoperedwa mankhwala ophera udzu a atrazine ukakhala kumtunda, kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula. Sipuleya isatsukidwire padziwe, ngakhale mwini wake akhale mlamu wanu.

Tsopano mbewu ya nsomba, apa ndiye mumvetsetse. Oswetsa ena amasakaniza mahomoni achimuna otchedwa methyltestosterone m'chakudya cha tiana kwa masabata atatu kapena anayi kuti pafupifupi tonse tisanduke tatimuna. Kwa woweta zogulitsa n'zabwino, zazimuna zimakula msanga. Koma wogulitsa wina anandipatsa makumba oterewa ngati mbewu yoswetsa, motchipa mpaka ndinasangalala. Anakumba zisa pansi ponse, koma ndikakoka ukonde osapeza yofungatira mazira m'kamwa. Nyengo yonse inangopita. Choncho funsani mosapita m'mbali ngati tianato tinadyetsedwa mahomoni. Akayamba kukanda m'mutu, chokanipo. Ndi bwino kuwonongerapo ya thiransipoti kukafunsa ku National Aquaculture Centre ku Domasi kapena ku ofesi ya zausodzi ya m'boma lanu. Funsaninso madzi omwe makolo a mbewuyo anakuliramo, paja vuto limatha kudumpha m'badwo.

Zotsalazo mukuzidziwa. Makolo akhale m'dziwe lawolawo, madzi ochokera kumene munadyetsera mahomoni asapiteko. Osagula zigubu zakale za mankhwala pamsika n'kumatungira madzi a nsomba. Lembani m'kope tiana tomwe mwavuula nthawi iliyonse, ndipo tikamachepa chaka ndi chaka pamene chakudya sichinasinthe, sinthani mbewu ndi gwero la madzi.