Mabuku anu akuthera m'makatoni

Dzinja lino m'masekondale oyendera angapo kuno ku Mchinji ndapeza zofanana: mabuku ali m'makatoni, makatoniwo ali pa simenti atatsamira khoma, chitseko n'chokhoma. Kiyi ali ndi ahedi, ahediwo apita ku boma.

Ukafunsa chifukwa, amati ana angabe. Chabwino, koma tatsegulani katoni yapansi penipeniyo muone amene akukuberani. Simenti imakoka chinyontho m'nthaka, katoni n'kuyamwa, pepala n'kulandira. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimayamba: timadontho takuda pachikuto, mapepala omatana, ndi kafungo kaja kotsamwitsa. Chiswe nacho chimatulukira m'ming'alu, n'kumanga kanjira kake kadothi kuseri kwa katoni, komwe palibe amasuzumirako. Buku la Biology ukaliona kunja lili bwinobwino, ukalitsegula m'kati muli dothi lokhalokha.

Chondiwawa n'chakuti m'kaundula bukulo likadali lamoyo. Akabwera ofunsa zosowa za sukulu, kaundula akunena kuti mabuku a sayansi alipo okwanira, ndiye thandizo limapitirira kupita kwina. Uku ana a Folomu 4 akuyembekezera mayeso a MSCE akulimbirana buku limodzi la aphunzitsi. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 adatha usiku umodzi, dziko lonse lidamva, ofuna kwabwino n'kuyamba kusonkha ena. Za chiswe sizimveka pa wailesi. Palibe adzakusonkhereni.

Ndipo khalidwe lokhomera mabukuli latikwana. Katswiri wa za malaibulale wa ku India, Ranganathan, adalemba kale mu 1931 kuti lamulo loyamba la laibulale ndi lakuti mabuku ndi ogwiritsa ntchito. Zaka zonsezi ife tikuwasungabe ngati katundu wa eni ake amene adzamuitanitsa mawa. Buku loyendayenda m'manja mwa ana limatsegulidwa, limapitidwa mphepo, likang'ambika timaona msanga n'kulimata. Lokhomeredwa ndi lomwe limaola.

Pasukulu ina, tikutulutsa makatoni, padafika bambo wina wa m'komiti ya sukuluyo, mlimi wa mtedza wa cha ku Mkanda. Adangogwira pakamwa. Akuti chaka china iwo adaunjika matumba a mtedza pansi m'nyumba, mvula ili mkati, ndipo popita nawo kumsika ogula adangotsegula thumba limodzi, kuona chuku, n'kuwabweza ndi ngolo yawo. Chiyambire pamenepo amayamba ayala mitengo, matumba pamwamba. Adafunsa ahedi kuti, kodi aphunzitsi, zimene tikudziwa ife osapita patali ndi sukulu, inu zakudutsani bwanji? Ahedi adangoti zii.

Zochita zake si zambiri. Chotsani mabuku m'makatoni lero. Ngati mashelefu palibe, njerwa zootcha ndi matabwa zikwanira, thabwa lapansi litalikire simenti masentimita 15, ndipo musagundize kukhoma. Kukacha bwino tsegulani mawindo. Buku lonyowa musaliyanike padzuwa, limapindika. Liimikeni pamthunzi podutsa mphepo, mapepala atatakasuka. A chuku apatuleni, ndipo powapukuta mutseke mphuno ndi pakamwa. Otheratu afafanizeni m'kaundula, ahedi ndi a komiti asainire, kuti chiwerengero chinene zoona. Otsalawo abwereketseni, mwana aliyense azilemba dzina ndi tsiku lobweza. Za kasanjidwe kake funsani a National Library Service, bungwe loona za malaibulale m'dziko muno.