Makina sagwira plasma, amagwira zotsalira zake

Nyengo ino yolemba malipoti a kafukufuku, vuto limodzi likungobwerezeka pakati pa ophunzira athu a physics kuno ku Johannesburg. Munthu watenga zotsatira za ALICE, makina ounikira a pa LHC, chimakina chomwe amawombanitsira maphata a maatomu a mtovu ku labotale ya CERN ku Ulaya, n'kulemba molimba mtima kuti plasma ya ma quark ndi ma gluon (phala lotentha kwambiri la tizidutswa topanga mapulotoni) yachita chakutichakuti. Plasmayo mwaiona kuti, anzanga? Sikhalitsa ngakhale 10⁻²² ya sekondi. Ikazizira kufika cha pa 155 MeV (MeV ndi GeV ndi miyezo ya mphamvu; apa tikuyezera kutentha), ma quark amamangana n'kusanduka tinthu monga ma pion, ma kaon ndi mapulotoni, ndipo makina amagwira zimenezi. Ma pion ambiri ngobadwanso mochedwa, tinthu tosakhalitsa monga rho titasweka.

Chonditopetsa n'chizolowezi chakale chotenga ma fragmentation function (masamu ofotokoza mmene quark mmodzi amabalira tinthu) a mapulotoni awiri ogundana n'kuwaika pa mtovu osaganiza n'komwe. Pa mapulotoni awiriwo timayesa kuti quark mmodzi amathothoka yekha n'kubala tinthu. Mu mtovu muli chinamtindi, ndipo ma quark oyandikana amangogwirana, atatu apange baryon monga pulotoni, awiri apange meson monga pion. Atatu a 1 GeV aliyense akupatsani pulotoni ya 3 GeV, pomwe pion yofanana nayo ikufuna awiri a 1.5 GeV, omwe ndi osowa. N'chifukwa chake ku RHIC, chimakina china chowombanitsira maphata a maatomu ku America, atawombanitsa golide, mapulotoni a momentum (mphamvu yothamangira) ya pakati pa 2 ndi 3 GeV/c anapezeka ochuluka pafupifupi ngati ma pion. Mafotokozedwe ake anatuluka mu 2003, ena a inu muli pamsana, koma mpaka lero mukudabwa nazo.

Mnyamata wina wa ku Mzimba, wokhala ku Braamfontein, anandipeza maso ali psuu. "Akulu, mapulotoni achuluka, pulogalamu yanga yawonongeka." Anali atatha masabata akusefa data kuti mzere wake ufanane ndi wa mapulotoni awiri, ngati mlimi wozula mbewu poyesa udzu. Chaputala chonse cha lipoti lake chinabwezedwa, ndipo ndalama za bursary sizidikira munthu.

Chochita n'chochepa. Yambani mwachotsa tinthu tobadwa pakusweka. Tengani v2 (muyezo wa mmene tinthu timatulukira tochuluka mbali ina kuposa ina) komanso momentum, muzigawe ndi chiwerengero cha ma quark, 2 kapena 3, muone ngati mizere ikukumana; ku LHC imangoyandikana. Pa kuchuluka kwa mtundu uliwonse wa tinthu, werengani za thermal model (njira yowerengera kuchulukako potengera kutentha) zomwe malemu Jean Cleymans wa ku yunivesite ya Cape Town analemba. Zinazo mukuzidziwa kale.