Kutopa kwa odwala shuga kuli pawiri

Anzanga odwala shuga, mukamva kufooka musathamangire tiyi wotsekemera musanadziwe chomwe chakufooketsani.

Shuga akakwera, thupi limalefuka pang'onopang'ono, kukhosi kumauma, usiku n'kumadzukadzuka kukataya madzi. Tulo tobwera masana mutadya mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera si ulesi ayi. Yesani mgaiwa, mtanda umodzi, masamba ndi nyemba zichuluke m'mbale, mukatha kudya muyendeko pang'ono.

Kutopa koopsa ndi kwa shuga wotsika. Kumabwera mwadzidzidzi: manja kunjenjemera, thukuta, mtima kuthamanga, njala yoluma. Kumakonda kugwira omwe amabaya jakisoni wotsitsa shuga wa insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide, makamaka akalawirira kumunda m'mimba muli pululu. Makina oyezera shuga m'magazi akaonetsa pansi pa 4, kapena pansi pa 70 pa makina ena, sungunulani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, imwani, muyezenso pakatha mphindi 15, kenako mudye chakudya chenicheni. Ine masiwiti sachoka m'thumba, ngakhale popita ku maliro.

Munthu akakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Thamangirani naye kuchipatala.