Momwe mungasankhire filimu ya zochitika zenizeni

Musanayambe kuonera, yang'anani chaka chomwe filimuyo idatuluka. Pa mafilimu a milandu izi n'zofunika kwambiri, chifukwa mlandu umapitirira kukhoti kamera itazimitsidwa kale. Making a Murderer, ya mlandu wakupha munthu ku America, idatuluka pa Netflix mu 2015 ndi zigawo 10, ndipo woimira boma pa mlanduwo adadandaula kuti umboni wina udasiyidwa. Mukamaliza, fufuzani pomwe nkhaniyo idafika.

Yoyambira yabwino ndi The Thin Blue Line ya Errol Morris, ya mu 1988. Imabwereza kangapo kuwomberedwa kwa wapolisi wa ku Dallas, ulendo uliwonse motsatira mawu a mboni ina, mpaka mumaona nokha kuti mawuwo sakugwirizana. Randall Adams, yemwe adamangidwa pa mlanduwo, adatuluka m'ndende mu 1989. Kumbukirani kuti zithunzi zobwerezazo ndi sewero, sizidajambulidwe usiku womwe wapolisiyo adawomberedwa. Anthu amasokonezeka pamenepa.

Pa mbiri yakale, Shoah ya mu 1985 ilibe inzake. Ndi ya maola oposa 9, yopanda zithunzi zakale, mboni zokhazokha zikufotokoza momwe Ayuda adaphedwera ndi a Nazi. Igaweni masiku 4 kapena 5, ndipo yatsani mawu omasulira apansi poti muli Chipolishi, Chijeremani ndi Chihebri. Mukaiona tsiku limodzi, mutu umatopa ndipo maina amasakanikirana.

Mukafuna yopepukirako, onerani When We Were Kings, ya nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman ku Kinshasa mu 1974.