Momwe mungathandizire m'bale wodwala dissociative identity disorder

Awa ndi matenda a maganizo. Madokotala amawatcha DID mwachidule, ndipo mpaka 1994 ankatchedwa multiple personality disorder. Wodwalayo amakhala ndi mbali ziwiri kapena zingapo za umunthu wake zomwe zimasinthana. Pena amalankhula ngati kamwana, pena amakhala waukali mosadziwika bwino, kenako akabwerera sakumbukira zimene ananena kapena kumene anapita. Nthawi zambiri gwero lake ndi nkhanza zoopsa zobwerezabwereza ali mwana, monga kumenyedwa kapena kugwiriridwa. Maganizo a mwana amagawa ululuwo kuti apirire. Mchemwali wanga ali nawo, ndipo ndine amene ndimamuperekeza kuchipatala.

Choyamba, pitani naye akapimidwe. Khunyu, chamba, mowa ndi matenda ena a muubongo amathanso kuiwalitsa munthu kapena kumusintha khalidwe, ndiye musagamule nokha. Yambirani pa chipatala cha boma chapafupi ndipo mufunse namwino wa matenda a maganizo. Akaona kuti nkhani ndi yaikulu amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Bwaila ku Lilongwe. Kulinso a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kuboma simulipira, chimene chimadya ndalama ndi minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera. Mutenge kope lomwe mwalembamo tsiku limene anasintha, chimene chinachitika asanasinthe, ndi nthawi imene zinatenga. Dokotala sakhala ndi nthawi yaitali, kopelo limakufupikitsirani ulendo.

Tsopano pa zimene muyenera kuchita akasinthira pamaso panu. Apa ndi pamene banja lathu linapsa napo. Amalume ataona mchemwali akulankhula ndi mawu achilendo n'kumadzitchula dzina lina, anati ndi ziwanda basi. Anamutengera kwa mneneri wina amene anafuna mbuzi ndi ndalama ya "mafuta odzozera" asanayambe n'komwe. Anyamata anamugwira manja ndi miyendo, mneneriyo akukuwira kumaso kwake kuti "Tuluka! Ndiwe ndani?" Tangoganizani, munthu amene matenda ake anayamba chifukwa chogwidwa mwamphamvu ali mwana, lero agwidwenso choncho. Anabwera kunyumba atatheratu, kusintha kuja kunachuluka, ndipo kwa nthawi yaitali sankalola aliyense wa ife kumuyandikira. Sindikunyoza pemphero, ifenso timapemphera naye, koma modekha, iye atavomera.

Ndiye akasintha, tsitsani mawu. Musamugwire musanapemphe. Khalani pamene akukuonani, osati kumbuyo kwake kapena potsekereza khomo. Muuzeni kuti ndinu ndani, ali kuti, ndi kuti lero ndi tsiku lanji: "Achemwali, ndine mlongo wanu, tili kunyumba, palibe akuvutitseni pano." Mpatseni madzi ozizira agwire m'manja, kapena mumupemphe atchule zinthu zimene akuziona m'chipindamo. Ngati amene akukuyankhani akulankhula ngati mwana, muyankheni mwachifundo mmene mungayankhire mwana wamantha. Musatsutsane naye kuti akunamizira, ndipo musaitane anthu adzaonerere kapena kujambula pa foni. Mbali zonse za umunthu wakezo ndi munthu mmodzi yemwe uja, m'bale wanu. Akabwerera mufotokozereni mwachidule zimene zachitika, osamuchititsa manyazi.

China chovuta: musamukumbe za ubwana wake. Kufunsa kuti "anakuchita ndani" ndi ntchito ya dokotala kapena mlangizi, ndipo nawonso sayambira pamenepo. Amayamba aonetsetsa kuti munthu ali pabwino ndipo akutha kudzikhazika mtima pansi, za kale zimabwera pambuyo. Chithandizo chake ndi uphungu wa nthawi yaitali, zaka ndithu. Palibe piritsi lochiza DID. Mankhwala amene amapereka ndi othandiza nkhawa, kukhumudwa kwambiri kapena kusowa tulo. Ndiye aja otsatsa mabotolo pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti "amachotsa misala m'masiku atatu" akungofuna ndalama zanu. Mapiritsi ogonetsa a mavenda a mumsika musayerekeze, amazolowereka ndipo simudziwa chimene mwagula.

Chotsani tameki, zingwe ndi mankhwala ochuluka pamalo ofikirika, chifukwa odwala matendawa ambiri amayesapo kudzipha. Akanena kuti watopa ndi moyo, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zotsalazo ndi zapakhomo. Azigona ndi kudya nthawi yofanana, mowa ayi. Kapepala kokhala ndi nambala yanu kazikhala m'chikwama chake. Ngati amene anamuzunza akadali pafupi, asamakumane, ngakhale pa maliro. Ndipo pezani wachibale wina woti muzisinthana naye, chifukwa nokha mutopa.