Momwe mungayesere ngati mahedifoni a magemu a surround akugwiradi ntchito yake

Pa makatoni a mahedifoni ambiri osewerera magemu pamalembedwa kuti 7.1 surround, kutanthauza mawu omveka ngati akuchokera mbali zonse, ndipo wogula amaganiza kuti mkati mwake muli timasipika tambirimbiri tozungulira mutu. Zoona zake n'zakuti pafupifupi onse ali ndi masipika awiri okha, imodzi ku khutu lililonse, ndipo kawirikawiri kukula kwake kumakhala mamilimita 40 kapena 50. Alipo ochepa amene anaikidwa masipika ambiri enieni, monga Razer Tiamat 7.1 yomwe ili ndi masipika 10, asanu mbali iliyonse, koma mtundu umenewu sunafale. Mwa ena onsewo, kumva ngati phokoso likuchokera kumbuyo kapena m'mbali ndi ntchito ya pulogalamu osati ya masipika, choncho nambala ya pa katoniyo singakuuzeni ngati mudzamva mdani akukuzemberani.

Musanayambe kuyesa, ndi bwino kudziwa chimene pulogalamuyo ikutsanzira. Munthu amazindikira kuti phokoso lili kumanja kapena kumanzere chifukwa limayamba kufika ku khutu limene layandikira, ngakhale kusiyana kwake sikukwana milisekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), komanso limamveka mwamphamvu ku khutu lomwelo popeza mutu umatchinga linalo. Za kutsogolo, kumbuyo ndi kumwamba zimadalira makwinya a khutu, amene amasintha pang'ono kamvekedwe ka mawu asanalowe mkati. Akatswiri amatcha kusinthaku HRTF, ndipo mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito miyeso yotengedwa pa makutu a anthu ena kapena pa mutu wa chidole. Makutu anu ndi anuanu, n'chifukwa chake mahedifoni amene mnzanu akuwatamanda angathe kukusokonezani inuyo.

Choyamba, siyani pulogalamu imodzi yokha ya surround ikugwira ntchito

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, kenako n'kumanyoza chipangizo chosalakwa. Surround ingachokere m'malo atatu: mu pulogalamu ya kampani imene inapanga mahedifoniwo, mu kompyuta kapena makina osewerera, ndiponso mu gemu momwemo. Pa Windows 10 ndi 11 pali Windows Sonic yaulere, ndipo mungawonjezere Dolby Atmos for Headphones kapena DTS Headphone:X, zomwe nthawi zambiri zimagulidwa padera. Mumazipeza pamalo osinthira mawu, pa gawo lolembedwa kuti Spatial sound. PlayStation 5, yomwe inatuluka mu 2020, ili ndi yakeyake yotchedwa Tempest 3D AudioTech, imene imagwira ntchito ngakhale ndi mahedifoni wamba.

Magemu ena, monga Valorant, ali ndi HRTF mkati mwake, ndipo Overwatch ili ndi Dolby Atmos yomwe imayatsidwa mu gemu momwemo. Mukayatsa ziwiri nthawi imodzi, mawu amene akonzedwa kale amakonzedwanso kachiwiri, ndipo zotsatira zake zimamveka ngati mukusewerera m'chipinda chopanda katundu. Zimitsani zonse, kenako muziyatsa imodziimodzi.

Chachiwiri, onani ngati njira zonse za mawu zikufika

Mawu a 7.1 ali ndi njira 8: kutsogolo kumanzere, pakati ndi kumanja, m'mbali ziwiri, kumbuyo kuwiri, ndi imodzi ya besi. Mapulogalamu ambiri a mahedifoni a USB ali ndi batani loyesera limene limatulutsa mawu pa njirazi motsatizana. Mverani ngati ya m'mbali ikusiyanadi ndi ya kumbuyo. Musadalire mavidiyo oyesera a pa intaneti, chifukwa ambiri amafika kwa inu ali kale a sitiriyo, ya njira ziwiri zokha za kumanja ndi kumanzere, ndiye chimene mukumva ndi luso la amene anajambula osati la mahedifoni anu.

Chachitatu, yesani mutatseka maso

Awa ndiwo mayeso enieni, ndipo akufunika munthu wachiwiri. Tsegulani gemu imene mumasewera kawirikawiri, mulowe m'bwalo lanu awiri momwe mulibe osewera ena, ndipo muime pamalo poyera, kutali ndi makoma amene amabweza phokoso. Tsekani maso ndipo musagwedeze mausi kapena chowongolera. Mnzanuyo apite mwakachetechete pamalo amene wasankha yekha, kenako athamange pang'ono kapena awombe mfuti kamodzi. Inu mutchule kumene mwamvera potengera nkhope ya wotchi: 12 koloko ndi kutsogolo, 3 koloko ndi kumanja, 6 koloko ndi kumbuyo. Iye azilemba ngati mwalondola.

Chitani zimenezi maulendo 20 surround ili yozimitsa, kenako maulendo enanso 20 pa pulogalamu iliyonse imene mukufuna kuiyerekeza. Zingakhale bwino kwambiri munthu wina atamayatsa ndi kuzimitsa popanda kukuuzani, pakuti amene walipira ndalama zambiri amafunitsitsa kumva kusiyana, ndipo khutu limamvera mtima mosavuta. Onetsetsaninso kuti voliyumu ndi yofanana, chifukwa chimene chikulira mokwezako pang'ono chimaoneka ngati ndicho chabwino.

Poona zotsatira, musataye nthawi ndi kumanja ndi kumanzere, popeza sitiriyo wamba imachita bwino kale pamenepo. Chidwi chanu chikhale pa 12 koloko ndi 6 koloko, komanso pa 2 koloko ndi 4 koloko. Malo amenewa amapereka kusiyana kofanana pakati pa makutu awiri, motero ndi pamene ubongo umasokoneza kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ndi pomwe surround yabwino iyenera kuonetsa phindu lake. Mukatha apo, mnzanuyo akwere pamwamba pa nyumba kapena atsikire m'chipinda cha pansi. Kusiyanitsa kumwamba ndi pansi ndiko kovuta koposa, ndipo 7.1 ya masiku onse ilibe njira ya kumwamba, pomwe Dolby Atmos ndi Tempest zinapangidwa kuti ziziika phokoso pamalo alionse, bola gemuyo ikhale yokonzedwera zimenezo. Pa PlayStation 5 pali posankhira kamvekedwe kogwirizana ndi makutu anu, ndipo ndi koyenera kusankha kaye musanayese.

Mtunda nawonso muuyese. Mnzanuyo ayambe kutali n'kumayandikira, inu munene pamene mwayamba kumva mapazi. Mapulogalamu ena amawonjezera kamkokomo kuti malo amveke otakasuka, zomwe zimakometsa magemu a nkhani ndi mafilimu, koma pa mpikisano zimachititsa kuti munthu amene ali pafupi amveke ngati akadali patali. Ineyo ndimaona kuti kulakwitsa mtunda n'koopsa kuposa kulakwitsa mbali, chifukwa kumakupatsani chidaliro chabodza.

Chachinayi, chepetsani besi mubwereze

Mahedifoni ambiri a magemu amabwera ndi besi yochuluka kuti mabomba azigunda pamtima. Vuto lake n'lakuti mapazi, kusintha zipolopolo ndi kutseguka kwa zitseko zimamveka pa mawu apakati ndi okwera, ndipo besi ikachuluka imaziphimba. Mu pulogalamu ya mahedifoniwo tsitsani pang'ono mawu a m'munsi mwa 200 Hz, omwe ndi a besi, mubwereze mayeso aja pamene kukuwombedwa mfuti zambiri. Ngati mapazi ayamba kumveka, ndiye kuti vuto silinali surround.

Chachisanu, kuchedwa kwa mawu ndi maikolofoni

Wombani mfuti kamodzi mukuyang'ana pa sikirini. Pa mahedifoni a waya kapena ogwiritsa ntchito kachipangizo ka USB ka 2.4 GHz, kuwala ndi kulira ziyenera kufika limodzi. Bluetooth wamba imachedwa ndi mamilisekondi opitirira 100 nthawi zambiri, ndipo mukayatsa maikolofoni, mahedifoni ambiri a Bluetooth amasinthira ku kamvekedwe ka foni, kamene kamatumiza mawu ofanana ku makutu onse awiri, surround n'kutheratu. Jambulaninso mawu anu gemu ikulira, mumvere ngati phokoso la m'masipika likudutsira mu maikolofoni.

Chomaliza, avaleni kwa maola awiri

Khushoni yosagwira bwino kuzungulira khutu, makamaka kwa ovala magalasi, imataya besi ndipo ingachititse mbali imodzi kumveka mofooka, zomwe zimakokera phokoso lonse ku mbali inayo. Samalaninso voliyumu: bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera mawu a madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo mukakweza kuposa apo nthawiyo imachepa mofulumira. Ngati mukuchita kukweza kwambiri kuti mumve mapazi, bwererani ku gawo la besi lija.

Tsopano yerekezani manambala amene mnzanu uja analemba. Kusiyana kwa yankho limodzi kapena awiri pa 20 kungakhale kwa mwayi chabe, ndipo muyenera kubwereza tsiku lina. Surround ikapambana moonekeratu pa kutsogolo ndi kumbuyo, isiyeni yoyatsa pa gemu imeneyo yokha, chifukwa gemu iliyonse imakonza mawu mwanjira yake ndipo ina ingafune kuti muizimitse.