Musanakwere ndege ya ku Tromsø kapena Kiruna kukagwira ntchito ya escort

Ndimakhala kumpoto kwa Norway, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kumasulira amayi obwera akamalankhula ndi anamwino, maloya kapena apolisi. Ena mwa amayiwa anabwera kudzagwira ntchito ya escort, yoperekeza amuna ndi kugona nawo polipidwa. Sindikulemba kuti ndikuweruzeni, achemwali. Munthu wamkulu amadziwa yekha chimene chamutulutsa m'nyumba. Koma amene amakukopani ndi ulendowu amangokamba za ndalama: kuti kuno kuli migodi, masitima a nsomba, asilikali, alendo odzaona kuwala kwa kumwamba, amuna ambiri akazi ochepa. Zina mwa izo n'zoona. Chimene sakuuzani n'chakuti kuno munthu amene moyo wake wonse uli m'manja mwa munthu mmodzi alibe kothawira, chifukwa tauni yotsatira ili kutali, msewu ndi umodzi, ndipo kunja kukuzizira moti simungagone pakhonde.

Tiyambe ndi malamulo, popeza apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Mudzamva kuti "kugulitsa sikulakwa, wolakwa ndi wogula." Ku Sweden kugula kugonana kunaletsedwa mu 1999, ku Norway mu 2009, ndipo m'maiko awiriwa wogulitsa thupi lake salangidwa chifukwa cha kugulitsako. Ku Finland, kuyambira mu 2006, mlandu umagwera amene wagula kwa munthu wozembetsedwa kapena amene ali pansi pa womudyera masuku pamutu. Mpaka apa zikumveka ngati mkazi ndi wotetezedwa. Koma malamulo ena awiri amamumanga miyendo.

Loyamba ndi la anthu olowa m'dziko. Viza ya alendo ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo atatuwa, imakulolani kukhala masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo sikupatsani ufulu wogwira ntchito. Palibe chilolezo cha ntchito chimene chimaperekedwa kwa escort wochokera kunja kwa Ulaya. Ku Finland lamulo la alendo limanena poyera kuti munthu angabwezedwe ngati pali chifukwa chomuganizira kuti adzagulitsa thupi. Ku Sweden apolisi akhala akutulutsa akazi m'dziko pogwiritsa ntchito ndime yonena za mlendo amene sakudzipezera zofunika m'njira yoongoka. Choncho wina akakuuzani kuti "mapepala ndikonza ine, ndi ntchito yovomerezeka," akukunamizani, ndipo wayamba kale kukunamizani musanakwere n'komwe ndege.

Lachiwiri ndi lokhudza nyumba. Ku Norway ndime 315 ya malamulo a milandu imalanga aliyense amene akuthandiza uhule wa mnzake, kuphatikizapo mwini nyumba amene wabwereketsa chipinda akudziwa zimene zikuchitikamo. Ndime yomweyo imaletsanso kulengeza poyera kuti mukugulitsa kugonana. Ku Sweden nako mwini nyumba amene wadziwa koma n'kungokhala chete angathe kuimbidwa mlandu. Zotsatira zake n'zakuti apolisi akangoimbira foni landilodi, inu mumapezeka panja tsiku lomwelo, dipoziti osaionanso. Bungwe la Amnesty International linalemba za izi mu 2016, kufotokoza momwe akazi ku Oslo ankathamangitsidwira m'nyumba, ena n'kutulutsidwa m'dziko atapita okha kupolisi kukadandaula kuti achitidwa nkhanza. Ndipo akazi awiri amene agwirizana kukhala nyumba imodzi kuti azitetezana angathe kuonedwa ngati wina akudyera mnzake. Ine ndimaona kuti apa lamulo limalakwira akazi amene likunena kuti likuwateteza, koma ndi mmene lilili, ndipo mudzakumana nalo mmene lililimo.

Tsopano dobadoba. Nthawi zambiri sakhala mwamuna woopsa ayi. Amakhala mayi wochezeka wa pa WhatsApp kapena Facebook, wokutchulani "mng'ono wanga," kapena chibwenzi chimene chakhala chikukutumizirani timphatso. Amalipira tikiti, viza, jekete, lendi ya mwezi woyamba, foni yatsopano. Mukafika ndi pamene kabuku kamatuluka. Ndinakhalapo pafupi ndi mtsikana wina akuonetsa loya kabuku kotere, kakang'ono, kolembedwa ndi bolopeni ya buluu. Munali tikiti, munali lendi, munali "chakudya," munali "zithunzi," munali chindapusa cha tsiku limene anadwala osagwira ntchito. Ankabweza sabata iliyonse, koma nambala ya pansi pa tsamba inkangokula ngati ya katapila. Pasipoti yake inali kwa mayi uja "kuopa kuti ingatayike."

Ndiye musananyamuke, dzifunseni mafunso awa ndipo mudziyankhe moona. Pasipoti idzakhala m'thumba la ndani? Tikiti yobwerera ili m'dzina lanu, pa imelo yanu, ndipo mungasinthe tsiku popanda kupempha munthu? Mukudziwa adiresi yeniyeni ya kumene mudzagone, ndipo mwaiona pa mapu? Muli ndi ndalama zanuzanu, pa khadi lanu, zokwanira hotela ya masiku angapo ndi ndege yopita ku Oslo, Stockholm kapena Helsinki? Ndani adzayankha mafoni a makasitomala, ndipo mudzaloledwa kukana munthu? Yankho limodzi lokha likakhala "iyeyo ndiye akudziwa," musakwere ndegeyo. Pasipoti m'manja mwa wina, ngongole yosatha ndi kuletsedwa kukana ndizo zizindikiro za kuzembetsa anthu, ngakhale mutavomera nokha kubwera. Safunsa anadya phula, ndipo munthu wa zolinga zabwino sakwiya ndi mafunso.

Jambulani pasipoti ndi viza, musunge zithunzizo pa imelo imene wina aliyense sadziwa pasiwedi yake. Muuze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira kumene mukupita ndi chimene mukukachita, choonadi chake osati nkhani ya ntchito ya mu hotela. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zolemera pakamwa. Koma amene akukusungani amadalira manyazi anu kuposa loko wa pachitseko, ndipo chiopsezo chake choyamba chimakhala chakuti atumiza zithunzi zanu kwa abale.

Dzikolo palokha muyenera kulimvetsa. Tromsø ili makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa Arctic Circle, mzere wa pa mapu umene kumpoto kwake dzuwa limatha kusatuluka tsiku lonse nthawi yozizira, ndipo kulibe sitima ya pamtunda. Njanji ya Norway imathera ku Bodø, ndipo ya ku Narvik imadzera ku Sweden. Kuchoka ku Oslo pandege ndi maola pafupifupi awiri. Kuchoka ku Stockholm kupita ku Kiruna, tauni ya mgodi wa chitsulo wa LKAB, sitima imayenda usiku wonse mpaka tsiku lotsatira. Chigawo cha Finnmark, kumene kuli Alta, Hammerfest ndi Kirkenes, n'chachikulu kuposa dziko la Denmark koma muli anthu pafupifupi 75,000 okha. Nthawi yozizira misewu ya m'mapiri imatsekedwa, kapena magalimoto amayenda pamzere kumbuyo kwa galimoto yochotsa chipale, ndipo mphepo ikakula ndege zing'onozing'ono sizinyamuka. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti tsiku limene mungafune kuthawa lingakhale tsiku limene palibe chikuyenda.

Kuchepa kwa anthu kuli ndi vuto linanso. Ku Kirkenes kulibe anthu okwana 4,000. Mkazi wakuda wachilendo m'tauni yotere amadziwika ndi woyendetsa takisi, wogulitsa m'sitolo, wa pa risepishoni, onse, m'masiku awiri. Ogwira ntchito m'mahotela ambiri amaphunzitsidwa kuzindikira chipinda chimene amuna akulowa motsatizana ndi kuuza apolisi. Kasitomala amene munamukana dzulo mudzakumana naye pogula buledi. Ndipo popeza iye ndi amene akuopa mlandu, amafuna zachinsinsi: amakana kutchula dzina, amabisa nambala, amati tikumane ku kanyumba kake ka kutchire. Nyumba zimenezi anthu a kuno ali nazo zambiri, amazitcha hytte ku Norway, ndipo zina zili kumene foni sigwira, basi safika, apolisi angatenge ola kapena kuposa kuti afike. Musapiteko ndi munthu amene simukumudziwa, ngakhale atachulukitsa ndalama kangati. Musakwerenso galimoto yake kutuluka m'tauni. Mukatsika kapena kutsitsidwa panjira kuzizira kuli pa madigiri -25, mutavala zopyapyala, chala chimayamba kufa m'mphindi zochepa ndipo munthu angathe kufa usiku womwewo.

Za kuzizira ndinene mwachidule. Ku Tromsø, pokhala m'mbali mwa nyanja, sikuzizira mofika patali, koma kumaterera kwambiri. M'kati mwa dziko, ku Kiruna, Karasjok kapena Rovaniemi, -20 ndi -30 si zachilendo. Valani ubweya pakhungu, osati thonje, kenako juzi, kenako jekete yotchinga mphepo. Nsapato zikhale zazikulu pang'ono zolola masokosi awiri, ndipo mugule timisomali tomangirira kunsi kwa nsapato. Foni ikhale m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, chifukwa batire imazima mwadzidzidzi ikazizidwa, ndipo foniyo ndiyo chingwe chanu chokha. Ku Tromsø dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Mdima umenewu umalowa m'mutu: tulo timasokonezeka, mtima umalemera, ndipo ambiri amayamba kumwa kuti usiku udutse. Imwani vitamini D, amene a khungu lakuda timamusowa msanga kuno, ndipo muzituluka masana pa maola ochepa amene kumayera pang'ono.

Ndalama nazo zili ndi msampha wake. Ku Norway ndi ku Sweden ndi ma krone awoawo, ku Finland ndi ma euro, koma anthu sagwira ndalama zamapepala kwenikweni. Amalipirana pa foni, Vipps ku Norway ndi Swish ku Sweden, ndipo kuti mukhale nazo pamafunika akaunti ya banki ya m'dzikomo ndi nambala ya chiphaso cha m'dzikomo. Mlendo wa viza alibe zimenezo. Apa ndi pamene wina amati "zizilowa kwanga, ndizikupatsa kumapeto kwa sabata." Mukavomera, mwamupatsa thukuta lanu lonse. Ndipo zinthu kuno n'zokwera mtengo kwambiri: chipinda, takisi, chakudya, ndege za m'kati mwa dziko. Ziwerengero zimene munatumiziridwa pa foni sizinachotse zimenezi, ndiponso sizinawerenge masiku amene foni simalira.

Ngati muli kale kuno ndipo mukugwira ntchitoyi, pali zochepa zimene ndaona zikupulumutsa anthu. Landirani ndalama poyamba. Nenani malire anu musanakumane, ndipo amene wayamba kukangana za kondomu pa foni musamutsegulire. Makondomu ndi mafuta ake zikhale zanu, osati zobwera ndi iye, ndipo musazisiye pozizira kwambiri kapena pachotenthetsera chipinda. Chakumwa chimene simunatsegule nokha chisiyeni. Nthawi iliyonse mnzanu wina azidziwa adiresi, nthawi yolowa ndi nthawi yoti muimbe, ndipo mugwirizane mawu amene mukawanena ndiye kuti zaipa. Nsapato, jekete, pasipoti ndi khadi zikhale pamodzi pafupi ndi chitseko.

Kondomu ikang'ambika kapena mukakakamizidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukapemphe PEP, mankhwala oteteza ku HIV. Malire ake sapitirira maola 72, m'maiko ena ndi ochepera apo, ndipo akayambidwa msanga ndi pamene amagwira bwino. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagulidwa ku famase popanda kalata ya dokotala. Ku Norway nambala ya dokotala wa usiku ndi 116 117, ambulansi 113, apolisi 112. Ku Sweden ndi ku Finland 112 imagwira zonse, ndipo ku Sweden 1177 ndi ya uphungu wa zaumoyo. Ku Norway kuli malo olandirira anthu ogwiriridwa, overgrepsmottak, amene amathandiza mwaulere ndipo sakukakamizani kukasuma kupolisi. Boma la dera lililonse limayeneranso kukhala ndi malo othawirako ochitidwa nkhanza, krisesenter, ndipo kugonako sikulipiritsidwa. Anamwino ndi madokotala amasunga chinsinsi. Ifenso omasulira timasunga, ndipo ngati womasulira amene wabwera ndi munthu amene mukumudziwa kapena mukumuopa, nenani, mupemphe wina kapena wa pa foni.

Mabungwe odziwa bwino nkhani za ogulitsa thupi ambiri ali kummwera, koma amayankha mafoni kuchokera kulikonse. Ku Oslo kuli Pro Sentret, imene imapereka thandizo la zaumoyo ndi uphungu wa malamulo, PION, bungwe la ogwira ntchitoyi eniake, ndi ROSA, imene imapezera malo obisala anthu ozembetsedwa. Ku Finland kuli Pro-tukipiste. Lembani manambala awo pa pepala musananyamuke, mulisunge mu nsapato kapena m'kati mwa jekete, chifukwa foni ndi chinthu choyamba chimene amalanda. Ndi bwinonso kuwaimbira muli kwanu, musanagule tikiti, n'kuwauza zimene mwalonjezedwa. Amva malonjezo otere ambirimbiri ndipo adzakuuzani mosabisa.

Amene akukusungani adzakuuzani kuti mukangotsegula pakamwa mudzakwezedwa ndege m'mawa mwake. Kwa munthu amene akuoneka kuti wazembetsedwa kapena kukakamizidwa, malamulo amapereka nthawi yoti apume ndi kuganiza ali m'dzikomo movomerezeka: miyezi 6 ku Norway, masiku 30 ku Sweden, ndipo ku Finland kuyambira masiku 30 mpaka miyezi 6. Ku Norway munthu wotere amapatsidwanso loya waulere woti amuthandize kuganiza ngati akufuna kukasuma. Nthawi imeneyi sikutsimikizira kuti mudzakhala m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo amene angakulonjezeni zotero musamukhulupirire. Koma imakupatsani denga, dokotala ndi munthu wodziwa malamulo amene ali kumbali yanu. Ngati mukuopa kuyambira kupolisi, yambirani ku krisesenter kapena imbirani ROSA, ndipo mupemphe kulankhula ndi loya musanasaine pepala lililonse.